Kugula Chithunzi Chimene Dzanja Silinachikhudze

M'nyumba zambiri za anthu opemphera, pakhoma la pabalaza pamapezeka chithunzi cha Yesu atakhala patebulo lalitali pamodzi ndi ophunzira ake khumi ndi awiri, pa mgonero wake womaliza. Zambiri mwa zithunzi zimenezi zinatengera ntchito ya munthu mmodzi, Leonardo da Vinci, amene sanaijambule papepala kapena pansalu ayi, koma pakhoma la chipinda chodyera cha nyumba ya ansembe ya Santa Maria delle Grazie mumzinda wa Milan ku Italy, cha m'ma 1495 mpaka 1498. Chithunzi chenichenicho n'chachitali pafupifupi mamita 9, ndipo sichinyamulika chifukwa ndi mbali ya khomalo. Wofuna kuchiona amayenera kukafika ku Milan, kulembetseratu tsiku, kenako n'kupatsidwa mphindi 15 zokha zoti aime n'kuyang'ana. Pakanapanda luso losindikiza zithunzi, agogo a ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia sakanachidziwa n'komwe. Anachidziwa chifukwa wina anachichulukitsa papepala, wina n'kuchibweretsa ku shopu ya mabuku ya pamishoni, ndipo iwo anachigula atagulitsa mtedza n'kukachikhomera pamwamba pa kabati.

Wogula wa nthawi imeneyo anali ndi mwayi umodzi umene wa lero akuutaya: ankachigwira chithunzicho asanatulutse ndalama. Ankaona kukula kwake, kumva kukhuthala kwa pepala, ndi kutuluka nacho panja kuti aone mitundu yake padzuwa. Lero msika wakula kuposa kale lonse. Pa masamba a intaneti monga Etsy, Redbubble, Society6 ndi Saatchi Art, komanso m'mashopu a pa intaneti a nyumba zikuluzikulu zosungiramo zojambula, muli zithunzi mamiliyoni zimene munthu angaitanitse ali khale pampando wake. Koma zonsezo zimafika m'maso mwa wogula kudzera pa kagalasi ka foni, pamene pepala la nyuzi ndi pepala la thonje sizisiyana. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti chithunzi chosindikiza n'chinthu chabwino ndi cholemekezeka kukhala nacho m'nyumba, koma mtengo wake umachokera ku zinthu zimene foni siionetsa: mmene chinapangidwira, zipangizo zimene anagwiritsa ntchito, ndi munthu amene analola kuti chipangidwe. Wogula pa intaneti ayenera kufunsa m'mawu zimene kale dzanja linkadzifufuzira lokha, ndipo asamalipire lonjezo lililonse limene wogulitsa akulephera kulifotokoza momveka.

Pali anthu amene amaona chithunzi chosindikiza ngati chinthu chongoyerekeza, ndipo amati wodziwa luso amapachika chokhacho chimene wojambula anapaka utoto ndi dzanja lake. Mbiri siikuwavomereza. Ku China anthu ankasema zithunzi pathabwa n'kumazidinda papepala zaka zoposa 1,000 zapitazo. Buku la chipembedzo cha Chibuda lotchedwa Diamond Sutra, limene likusungidwa ku British Library ku London, lili ndi chithunzi chodindidwa motero, ndipo chaka chake pa kalendala yathu ndi 868. Ku Ulaya, dzina la Albrecht Dürer wa ku Nuremberg linawanda chifukwa cha zithunzi zodinda, zimene mkazi wake ndi mayi ake ankapita nazo kumisika kukagulitsa. Mu 1515 chipembere chochokera ku India chinafika ku Lisbon ngati mphatso ya mfumu ya Portugal. Dürer sanachione ndi maso, anangodalira kalata ndi kachithunzi kamene wina anajambula, koma chithunzi chake cha pathabwa chinadindidwa kambirimbiri. Kwa zaka zoposa 200, anthu ambiri a ku Ulaya akamva za chipembere ankaganiza za nyama yake ija yooneka ngati yavala zitsulo zankhondo, yokhala ndi kanyanga kena kapamsana kamene chipembere chenicheni chilibe. Chithunzi chimodzi chopaka utoto, chotsekeredwa m'nyumba ya mfumu, sichikanakhala ndi mphamvu yotere pa maganizo a anthu, ngakhale yowasocheretsa kumene.

Chitsanzo china ndi chithunzi cha funde lalikulu lija limene likuoneka ngati likufuna kumeza mabwato atatu, phiri la Fuji lili patali, chimene Katsushika Hokusai wa ku Japan anajambula cha m'ma 1831. Pa chithunzi chimenechi palibe chimene tingachitche choyambirira chopachikidwa penapake, zinazo n'kukhala zokopera. Hokusai ankajambula, mmisiri wina n'kusema matabwa, thabwa lililonse la mtundu wakewake, wina n'kumadinda, ndipo wamalonda ankagulitsa. Anadinda zikwi zingapo, ndipo chimodzi ankachigulitsa pamtengo wofanana ndi wa mbale ziwiri za chakudya cha pamsika. Chinali chithunzi cha anthu wamba a mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, ndipo kuyambira mu 2024 chili pa ndalama yapepala ya 1,000 yen. Kuno kum'mwera kwa Africa nakonso, sukulu ya zaluso ya mpingo wa Lutheran ku Rorke's Drift, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, inatulutsa akatswiri monga Azaria Mbatha ndi John Muafangejo wa ku Namibia. Iwo ankasema zithunzi pa lino, chinthu chimene ena amayala pansi m'nyumba, chifukwa chinali chotchipa ndipo chinkalola munthu wopanda chuma kufikitsa uthenga wake kwa anthu ambiri nthawi ya tsankho.

Komabe otsutsawo ali ndi mfundo imene sitingaikankhire pambali. Walter Benjamin, katswiri wa maganizo wa ku Germany, analemba m'zaka za m'ma 1930 kuti chojambula chikachulukitsidwa ndi makina chimataya ulemerero umene chinali nawo pokhala chimodzi chokha, pamalo amodzi, chili ndi mbiri yakeyake. N'zoona kuti pepala silingaonetse kukhuthala kwa utoto kapena mizere ya bulashi imene imagwira kuwala mosiyanasiyana munthu akamasuntha. Koma funso la mwini nyumba si lakuti asankhe pakati pa ntchito yeniyeni ya wojambula wotchuka monga Van Gogh ndi pepala lake, popeza yeniyeniyo sadzaigula ngakhale atagulitsa munda ndi ng'ombe zonse. Iye akusankha pakati pa khoma lokhala ndi chithunzi chimene amachikonda ndi khoma lopanda kanthu. Vladimir Tretchikoff, amene anakhazikika ku Cape Town mu 1946, anaimvetsa bwino nkhani imeneyi. Chithunzi chake cha 1952 chotchedwa Chinese Girl chinasindikizidwa mochuluka zedi n'kumagulitsidwa m'masitolo wamba ku Britain, South Africa ndi mayiko ena. Akatswiri a zaluso ankachinyoza, koma anthu ankachigulabe, ndipo chenichenicho chitafika pa okushoni ya Bonhams ku London mu 2013 chinagulidwa pafupifupi mapaundi 1 miliyoni. Mapepala aja sanachitsitse mtengo. Ndiwo anachipatsa dzina.

Tsono vuto silili pa kusindikiza, koma pa chizolowezi cha amalonda chosonkhanitsa zinthu zitatu zosiyana pansi pa liwu limodzi lachingerezi lakuti print. Chinthu choyamba ndi chithunzi chimene wojambula anachikonza kuyambira pachiyambi kuti chidindidwe, monga za Hokusai ndi Muafangejo. Amasema pathabwa kapena pa lino, amakanda pamkuwa, amajambula pamwala wosalala motsatira njira imene Alois Senefelder anatulukira ku Munich mu 1796, kapena amakankha inki kudzera pansalu yopyapyala monga amachitira odinda mawu pamatisheti. Pepala lililonse lotuluka pamenepo ndi ntchito yeniyeni ya mmisiriyo. Chinthu chachiwiri ndi kope labwino la chojambula chimene chinalipo kale: amachijambula ndi kamera kapena kuchisikana, kenako makina amapopera timadontho ta inki papepala lapamwamba. Amalonda amalitcha giclée, liwu limene wosindikiza wina wa ku California, Jack Duganne, analipeka mu 1991 potengera mneni wa Chifalansa wotanthauza kupopera, pofuna dzina lomveka bwino la ntchito ya makina a inki. Chinthu chachitatu ndi positala, yosindikizidwa mochuluka papepala lopyapyala, yofanana ndi kalendala imene banki kapena sitolo ya feteleza imagawa kumayambiriro kwa chaka. Zitatu zonsezi zili ndi malo ake, ndipo palibe chochititsa manyazi pa positala yogulidwa pamtengo wa positala. Chinyengo chimalowa pamene chachitatu chavekedwa mawu a chachiwiri, kapena chachiwiri chikugulitsidwa pamtengo wa choyamba. Liwu lakuti giclée palibe lamulo limene limaliteteza, choncho aliyense wokhala ndi makina a inki angathe kulilemba pa katundu wake.

Mayi aliyense amene anagulapo chitenje amaidziwa nzeru yofunika pano. Sakhutira ndi maluwa okongola okha. Amachitambasula, amachitikita pakati pa zala kuti amve ngati ndi thonje kapena n'cholimbitsidwa ndi sitachi, amayang'ana kuseri kwake, ndipo amafunsa ngati chimachucha pochapa. Amadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa intaneti zala zilibe ntchito, choncho mafunso ndiwo ayenera kulowa m'malo mwake, ndipo loyamba ndi la pepala. Kulemera kwa pepala amakuyeza m'magalamu pa sikweya mita imodzi, ndipo amalemba kuti gsm. Pepala la mu ofesi nthawi zambiri ndi la 80, pamene la zithunzi zabwino limayambira cha m'ma 200 n'kupitirira 300. Koposa kulemera, chofunika ndi chimene anapangira pepalalo. Nyuzipepala ikasiyidwa pawindo imasanduka yachikasu m'masiku ochepa chifukwa inapangidwa ndi mtengo wopera umene sanauchotse lignin, chinthu chimene chimalimbitsa mitengo koma chimasintha mtundu chikakumana ndi kuwala ndi mpweya. Pepala la thonje, kapena lina lililonse lopanda asidi, silichita zimenezi msanga. Wogulitsa wodalirika amatchula dzina la pepala ndi kampani yake, monga Hahnemühle ya ku Germany kapena Canson ya ku France. Amene amangoti pepala lake n'lapamwamba, osatchula nambala kapena dzina, sananene kanthu.

Funso lachiwiri ndi la inki. Pali inki ya mtundu wa dye, imene utoto wake umasungunukiratu m'madzi monga wonyikira nsalu, ndipo pali ya mtundu wa pigment, imene ili ndi timibulu ting'onoting'ono tosasungunuka. Yoyambayo imawala bwino chithunzi chikadali chatsopano ndipo ndi yotchipa, koma kawirikawiri imasuluka msanga. Yachiwiriyo imapirira kuwala kwa zaka zambiri. Aliyense anaonapo positala ya m'saluni kapena m'golosale imene nkhope za anthu zinasanduka zabuluu. Zimatero chifukwa mitundu yofiira ndi yachikasu ndiyo imayamba kuthawa, yabuluu n'kutsala. Palinso nkhani ya mitundu imene munthu amaiona pafoni. Galasi la foni limatulutsa kuwala kwakekwake posakaniza kufiira, kubiriwira ndi buluu, pamene pepala lilibe kuwala, limangobweza kumene kwagwerapo. Choncho chithunzi chofika m'nyumba pafupifupi nthawi zonse chimaoneka chakuda pang'ono kuposa mmene chinkaonekera pafoni, ndipo mitundu ina yowala kwambiri inki siingaitulutse n'komwe. Pa ichi wogulitsa sanalakwe, ndi mmene kuwala kumagwirira ntchito. Wogula wanzeru amayang'ana zithunzi zimene ogula anzake anajambula katunduyo atafika m'nyumba zawo, chifukwa chithunzi cha malonda chija, chokhala pamwamba pa sofa yokongola, nthawi zambiri amangochilumikiza pa kompyuta.

Chithunzi cha sofa chomwecho ndicho chimasokonezanso anthu pa kukula. Pafoni chilichonse chimadzaza galasi, ndipo ambiri amadabwa akalandira kapepala kofanana ndi tsamba la kope la kusukulu. Mankhwala ake ndi osavuta: kuwerenga muyeso umene walembedwa, kudula nyuzipepala yakale pa muyeso womwewo, n'kuimata pakhoma kuti maso aweruze. Pepala la A4 ndi masentimita 21 kwa 29.7, la A3 ndi 29.7 kwa 42, la A2 ndi 42 kwa 59.4. Ogulitsa a ku America amayeza m'mainchesi, ndipo chithunzi cha mainchesi 16 kwa 20, chimene ndi pafupifupi masentimita 41 kwa 51, sichilowa bwino mu felemu yopangidwira mapepala a A. Muyeso ndi wofunikanso kwa amene amagula fayilo yokha kuti akasindikizitse kwawo, njira imene imapulumutsa ndalama zotumizira katundu. Kuti chithunzi chioneke chakuthwa munthu ali pafupi, pamafunika timadontho pafupifupi 300 pa inchesi iliyonse, kutanthauza kuti fayilo ya A4 ikhale ya mapikiselo 2,480 kwa 3,508, ndipo ya A2 ikhale ya pafupifupi 4,960 kwa 7,016. Chithunzi chachikulu choonera patali chingakhale bwino ndi theka la muyeso umenewu. Koma chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp mwa njira yawamba chimakhala chitapanikizidwa kale, ndipo chikakuzidwa chimaoneka chachimbuuzi, ngakhale wosindikiza atakhala ndi makina abwino chotani.

Lonjezo limene limadyera anthu ndalama zambiri ndi la kuchepa kwa makope. Wogulitsa amalemba kuti limited edition, n'kuika nambala monga 12/50 m'munsi mwa chithunzi, kutanthauza pepala la nambala 12 mwa 50 okha amene adzasindikizidwe. Wina angafunse kuti, kodi si paja kope lina la funde la Hokusai, limene linali la mtengo wa chakudya cha pamsika, linagulidwa madola 2.76 miliyoni pa okushoni ya Christie's ku New York mu 2023? Nanga n'kulakwa kugula chithunzi chanambala lero n'chiyembekezo chakuti adzukulu adzachigulitsa mokwera? Yankho lili pa chifukwa chimene chinakwezera mtengo wa Hokusai. Mwa zikwi zimene zinadindidwa, zodziwika kuti zilipo lero n'zongopitirira pang'ono 100, ndipo dziko lonse lakhala likumutama mmisiriyo kwa zaka zoposa 150. Zithunzi zina zosawerengeka za m'nthawi yake zinawola, ndipo palibe amene amazikumbuka. Komanso thabwa ndi mkuwa zimatha zikamadindidwa, moti mapepala oyambirira amakhala akuthwa kuposa omalizira, ndipo amisiri ambiri akamaliza chiwerengero chawo amakanda mkuwawo kuti usadzagwirenso ntchito. Fayilo ya pa kompyuta siitha. Kope la 5,000 limatuluka lofanana ndendende ndi loyamba, choncho kuchepa kwa giclée kumangodalira kukhulupirika kwa wogulitsa. Angathe kusindikiza 50 pa muyeso uwu, 50 ena pa muyeso wina, enanso pansalu, ndipo sananame pa nambala iliyonse.

Ngakhale siginecha siitsimikizira zonse. Salvador Dalí, wojambula wotchuka wa ku Spain amene anamwalira mu 1989, anasaina mapepala zikwizikwi opanda chojambula chilichonse, ndipo msika unadzaza ndi zithunzi za dzina lake zimene zambiri zinali zabodza. Mu 1990 khoti la ku Hawaii linapeza eni malo ena ogulitsira zojambula olakwa pa mlandu wogulitsa zithunzi zotere ngati zenizeni. Ngati anthu ogula ndi madola zikwi zambiri, m'masitolo okhala ndi makapeti, anapusitsidwa motero, kuli bwanji munthu wogula kwa mlendo amene sanamuonepo nkhope? Setifiketi yotsimikizira kuti chithunzi n'chenicheni imene ena amatumiza ili ndi mphamvu yofanana ndi ya amene waisaina, ndipo nthawi zambiri imatuluka m'makina omwe aja amene anasindikiza chithunzicho. Izi sizikutanthauza kuti nambala ndi siginecha n'zachabe. Zikachokera kwa wojambula wamoyo amene akugulitsa yekha, kapena ku malo odziwika odindira monga Artist Proof Studio ya ku Johannesburg, imene inayamba mu 1991, zimasonyeza kuti mwini ntchito anaona pepalalo n'kulivomereza, ndipo zimenezo n'zoyenera kulipira. Chosayenera kulipira ndi maloto a phindu. Wofuna kusunga chuma agule mbuzi kapena puloti, ndipo chithunzi achigulire maso ake.

Funso limene ambiri salifunsa ndi lakuti ndalamayo ikupita kwa yani. Masamba ambiri amagwira ntchito motere: munthu aliyense amaikapo fayilo, ndipo wina akaitanitsa, kampani imasindikiza kope limodzi, kulitumiza, n'kupatsa woika fayiloyo kagawo kake. Njira imeneyi yathandiza ojambula ambiri amene alibe ndalama zosindikizira katundu wochuluka, koma yatseguliranso khomo akuba amene amatenga ntchito za ena pa Instagram n'kumazigulitsa ngati zawo. Wina anganene kuti imeneyo ndi nkhani ya maloya, wogula wamba sizimukhudza. Komatu ife tinaona kale mmene makaseti ndi ma CD okopera anasaukitsira oimba athu nyimbo zawo zikumveka m'minibasi iliyonse, ndipo bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze umwini wa ntchito zaluso. Wojambula naye amadya thukuta la manja ake. Pangano la mayiko la Berne, limene linayamba mu 1886, limati ntchito yotere itetezedwe moyo wonse wa mwini wake ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo ku Britain, America ndi mayiko a European Union zakazo ndi 70. Kuonjezera apo, wogula katundu wakuba amadzipweteka yekha, chifukwa wakubayo alibe fayilo yaikulu ya mwini wake, amangokuza kachithunzi kamene anatola. Kufufuza sikutenga nthawi: kuika chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye kumasonyeza kumene chinachokera, ndipo shopu yogulitsa zikwi za zithunzi za masitayilo osiyanasiyana popanda kutchula wojambula ngakhale mmodzi yadziulula yokha.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wosowa ndalama ndiye alibe chifukwa chogulira zakuba, popeza zojambula zambiri zotchuka zakale zikupezeka ulere ndiponso mololedwa. Rijksmuseum ya ku Amsterdam inayamba mu 2012 kulola anthu kutenga mafayilo akuluakulu a zojambula zake. Metropolitan Museum of Art ya ku New York inamasula zithunzi pafupifupi 375,000 mu 2017 kuti aliyense azigwiritse ntchito mmene akufunira, ndipo Smithsonian ya ku Washington inamasula 2.8 miliyoni mu 2020. Mashopu ambiri a pa intaneti amene amagulitsa Rembrandt, Vermeer kapena Hokusai amatenga mafayilo awo komweko, ndipo palibe lamulo limene akuphwanya. Koma wogula ayenera kudziwa kuti akulipira pepala, inki ndi ulendo basi. Ngati ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka kuli wosindikiza amene ali ndi pepala labwino, ndalama yomweyo ingathe kutulutsa chithunzi chokulirapo, chimene mwini wake wachiona ndi kuchigwira asanalipire.

Apa tafika pa mfundo yotsutsa yamphamvu kuposa zonse. N'chifukwa chiyani munthu wa ku Malawi atumize ndalama zakunja, zimene zikusowa ngakhale zogulira mafuta ndi mankhwala, kuti alandire pepala lochokera ku Ulaya, pamene ku Senga Bay, ku Nkhata Bay ndi m'misewu ya m'mizinda anyamata akugulitsa zojambula zenizeni za pansalu, ndipo ku Kungoni ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso mu 1976, kwaphunzira amisiri ambirimbiri? Mfundo imeneyi ndi yoona mbali yaikulu, ndipo masamu amaichitira umboni. Mtengo wolembedwa patsamba ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pamabwera ndalama yotumizira, imene nthawi zina imaposa mtengo wa chithunzicho, msonkho umene bungwe la Malawi Revenue Authority lingalipiritse katundu akafika, ndalama imene banki imadula pa khadi, ndi felemu. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zinakwera tsiku limodzi. Katundu akafika atapindika, kumubweza kunja kumadya ndalama zoposa mtengo wake. Choncho amene akungofuna chithunzi cha nyanja, cha amayi osinja kapena cha gule wamkulu ayambe wayang'ana pakhomo. Pamene mfundoyi ikupelewera ndi poganiza kuti zojambula zonse n'zofanana. Amene mtima wake wakodwa ndi zojambula za Monet sangakhutire ndi china, monganso wokonda nyimbo ina sangauzidwe kuti amvere iliyonse. Ndiponso msewu wa intaneti umapita mbali ziwiri. Mmalawi wokhala ku Leeds kapena ku Cape Town amene akufuna phiri la Mulanje pakhoma lake angathe kugula fayilo kapena kope kwa wojambula wa kwawo, ndipo wojambulayo angagulitse chithunzi chimodzi kwa anthu makumi ambiri m'malo mochigulitsa kamodzi kwa mlendo wodutsa amene wanenerera mtengo mpaka pansi.

Chithunzi chikafika, moyo wake umakhala m'manja mwa mwini nyumba, ndipo kusasamala kwa miyezi iwiri kungathe kuwononga pepala lopangidwa kuti likhale zaka zambiri. Ndi bwino kuitanitsa chopanda felemu, chokulungidwa m'chubu cholimba, chifukwa galasi limalemera ndipo limasweka panjira, pamene kalipentala wapafupi angathe kukhoma felemu yabwino pamtengo wotsika. Pepala lokulungidwa lisawongoledwe mokakamiza. Lisiyidwe patebulo loyera litapsinjidwa ndi mabuku kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mu felemu, pepala lisagunde galasi, pakhale katoni yopanda asidi yozungulira m'mbali, chifukwa nthawi ya dzinja chinyezi chimaunjikana pagalasi, pepala n'kumatirira kapena kuchita nkhungu. Selotepi wamba ndi guluu zimasiya mabanga achikasu amene sachoka. Dzuwa ndilo mdani wamkulu ngakhale wa inki yabwino, choncho khoma loyang'anizana ndi windo lisiyidwe, chimodzimodzinso khoma la pafupi ndi mbaula pamene pamafika utsi, ndi khoma latsopano limene pulasitala yake sinaume. Kuseri kwa felemu kuziyang'anidwa nthawi ndi nthawi, pakuti chiswe ndi mphemvu zimakonda pepala ndi guluu. Nyumba zosungiramo zojambula zimapachika zithunzi moti pakati pake pakhale pafupifupi masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, pamene pali maso a munthu woimirira. M'nyumba zathu zambiri timazikweza mpaka kufupi ndi denga, mlendo n'kumachita kukweza khosi.

Wina angadandaule kuti mafunso onsewa achuluka pa kanthu kongokongoletsera khoma. Amene akufuna positala ya timu yake ya mpira kuti ikhale chaka chimodzi asadzivutitse, agule yotchipa ndipo ikasuluka asinthe. Koma ndalama ikangokwera chifukwa cha mawu monga giclée, museum quality kapena limited edition, mafunso nawonso ayenera kukwera, ndipo ndi ochepa chabe: anajambula ndani ndipo analola kodi, pepala ndi lanji, inki ndi yanji, muyeso wake ndi wotani m'masentimita, makope onse alipo angati pa miyeso yonse, ndipo chikafika chitawonongeka adzalipira ndani. Wogulitsa amene amadziwa katundu wake amayankha zonsezi mu uthenga umodzi, ndipo ambiri amakondwa kufunsidwa. Amene akuzembazemba wakupatsani kale yankho. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanalembe nambala ya khadi lanu la kubanki, lembani kaye mafunso asanu ndi limodzi amenewa, ndipo mugule pokhapokha atayankhidwa.